Mayina Amene Anatsala pa Kakhadi

Mainess Daka anagwira ntchito ya muofesi zaka makumi awiri ndi zinayi, ndipo pa zaka zonsezo sanabwezeredwepo kalata kuti ailembenso. Kwawo kunali ku Chiparamba, m'banja la a Soko, alimi a chimanga ndi nsawa. Sukulu anailekezera Fomu 3 bambo ake atamwalira, koma sisitere wina wa ku parishi, ataona mmene ankalembera nyimbo m'buku la kwaya, anamupezera malo pa kosi yotaipa m'tauni ya Chipata. Chinali chaka cha 1979. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi Edita Miti.

Atsikana analipo khumi ndi awiri, mataipulaita asanu ndi imodzi, choncho ankakhala awiriawiri. Edita anali mwana wa telala wa ku Kapata, wobadwira m'tauni, wa pakamwa popepuka, woti akalowa m'chipinda anthu ankasiya zochita n'kuyamba kuseka naye. Zala zake zokha zinali zaulesi. Mainess ankamaliza tsamba Edita asanafike pakati. Tsiku lolandira masatifiketi Mainess ndiye anali woyamba m'kalasi, ndipo mlendo wolemekezeka anamupatsa pepala lake akuyang'ana kwina. Atafika Edita, yemwe anali wachisanu ndi chinayi, mlendoyo anamugwira dzanja nthawi yaitali, kumufunsa dzina, kumufunsanso kumene amakhala. Mainess anaomba m'manja pamodzi ndi anzake. Pobwerera anayenda patsogolo yekha njira yonse, ndipo Edita anangoti mwina mutu ukumuwawa.

Chinzake chawo sichinali chonamizira. Mainess atakwatiwa ndi Whiteson Daka, kalipentala wa ku Mchini, diresi linasokedwa ndi bambo a Edita. Edita atadwala pobereka mwana woyamba, Mainess ndiye anamudikirira kuchipatala masiku atatu. Kungoti chabwino chilichonse chikamugwera Edita, Mainess ankamva kanthu kakumukanda pansi pa nthiti, ndipo dzina la kanthuko ankalidziwa. Ankakaulula kwa ansembe nyengo ya Lenti chaka chilichonse, koma pofika Meyi kankakhala kataphukanso.

Mu 1991 Mainess analowa ntchito ku bungwe lina lochulukitsa mbewu ya nsawa, lomwe linkapatsa alimi mbewu yatsopano kuti ayese m'minda yawo. Ofesi inali nyumba ya zipinda zinayi pafupi ndi msewu wopita ku Mwami. Bwana anali a Israel Mvula, munthu wofatsa, woiwalaiwala, amene sakanapeza fayilo iliyonse popanda kufunsa Mainess. Patapita zaka zinayi kampani imene Edita ankagwirako inatsekedwa, mwamuna atamusiya kale ndi ana atatu. Mainess anachonderera a Mvula mpaka anamulemba Edita ntchito yoyankha foni ndi kulandira alendo. Zaka zitatu zotsatira zinamukomera kwambiri Mainess. Iye ndiye anali mwini nyumba, Edita mlendo. Ankamuwongolera, kumubisira zolakwa, kumunyemera mbatata yake pa tiyi wa teni koloko. Nsanje inagona tulo.

Inadzuka mu Juni 1998, tsiku limene galimoto yochokera ku Lusaka inatsitsa makatoni anayi. M'katoni yaikulu munali kompyuta. M'timakatoni titatu munali timakina tokwana m'thumba la jekete, topinda ngati mosungira magalasi a maso. Ukakatsegula, kumtunda kunali kagalasi kotuwa, kumunsi timabatani ta zilembo. A Mvula anati dzina lake ndi oganaiza, ndipo tinali ta alangizi atatu a bungwelo, amene ankayenda pa njinga zamoto m'midzi kulemba alimi ofuna mbewu. M'mbali mwa kalikonse munali kampata kolowetsamo kakhadi kosaposa bokosi la machesi. Pa kakhadipo ndi pamene panali pulogalamu yolembera alimi: dzina, mudzi, kukula kwa munda. Lachisanu lililonse timakinato tinkayenera kulumikizidwa ndi kompyuta pa chingwe, kuti zimene alangizi alemba kumudzi zipezekenso muofesi. Mayina a mu kompyutawo ndiwo adzayendere poitanitsa mbewu.

Panafunika munthu mmodzi woti akaphunzire ntchitoyi ku Lusaka milungu iwiri. Mainess sanakayike. Anali atayamba kale kuganiza za nsapato zimene avale.

"Amayi Daka," anatero a Mvula ataima pa desiki yake, "ndaganiza kuti ku Lusaka apite amayi Miti."

Mainess anali akuika pepala mu taipulaita. Analiwongola bwinobwino asanayankhe.

"Chabwino, abwana."

"Musaone ngati ndakudererani. Inu mukachoka milungu iwiri ofesi ino iima. Foni angayankhe aliyense."

"Ndamva, abwana."

Ataweruka anamupeza Whiteson akupala thabwa pabwalo, namufotokozera.

"Ndiye kuti akukudalira," anatero Whiteson.

"Ng'ombe yolima bwino nayo amaidalira. Munaionapo itakwera basi ya ku Lusaka?"

Edita anabwerako ataluka tsitsi lachilendo, ndi satifiketi ya m'fulemu, ndi mawu achingelezi amene ankawagwetsa paliponse. Anamubweretsera Mainess chitenje chokongola, ndipo Mainess anathokoza n'kukachiika pansi pa sutikesi. Desiki ya Edita inachoka pakhomo n'kulowa m'chipinda cha kompyuta, momwe anaikamo fani ndi makatani atsopano poti makina safuna fumbi. Kale alangizi akafika ankayambira kwa Mainess, kumusiyira mapepala awo onyowa ndi thukuta kuti awataipe, n'kumuuza nkhani za kumudzi. Tsopano ankangoponya moni wa pamsewu n'kulowa kwa Edita, ndipo kumeneko kunkamveka phwete. Boaz Njobvu, mlangizi wa dera la Chiparamba, ndiye anayambitsa zoti kulumikizako kuzitchedwa kuyamwitsa.

"Amayi Miti, mwana wanu uyu ndabwera naye. Ayamwe."

Edita ankalowetsa chingwe, kudina apa ndi apo, kamzere n'kuyenda pagalasi, makina n'kulira kamodzi kusonyeza kuti zatha. Kenako ankasindikiza mndandanda wa mayina n'kumupatsira Mainess kuti aboole ndi kuika mu fayilo. Gawo la Mainess pa ntchito yatsopanoyo linali lomwelo, kuboola.

Koma Mainess sankaika pepala mu fayilo asanaliwerenge, makamaka la kwawo. Kumayambiriro kwa Ogasiti anaona kuti mndandanda wa ku Chiparamba wathera pa dzina lomwe unathera sabata yapitayo. Sabata yotsatira chimodzimodzi, pamene ya alangizi ena awiri inkatalikirabe. Poyamba anaganiza kuti Boaz wayamba ulesi. Ndiye Loweruka lina achimwene ake, a Alfonsi Soko, anabwera pa njinga kudzagulitsa nkhuku ku Kapata, ndipo pobwerera anadutsira ku Mchini.

"Atilemba," anatero a Alfonsi akumwa madzi. "A Njobvu anu aja anafika, tinasonkhana pa sukulu mudzi wonse. Anadina dzina langa pa kawailesi kawo kaja n'kundionetsa. Munda wa kuseri kwa chulu uja ndausiyira mbewu yanuyo, sindibzalamo china."

Lolemba Mainess anatsata mndandanda ndi chala kuyambira pamwamba. Dzina la achimwene ake panalibe. Panalibenso munthu aliyense wa m'mudzi mwawo ngakhale wa midzi itatu yoyandikana nawo.

Masiku amenewo Edita ankakadya masana kunja. Buku la malangizo a timakinato linkakhala pa shelefu m'chipinda chake, lonenepa, lachingelezi chouma. Mainess analiwerenga masana anayi otsatizana, chakudya chake chili pambali. Tsiku lachinayi anapeza tsambalo. Kakina kalikonse kali ndi mosungira mwake m'kati, ngati nkhokwe. Ikadzaza, zatsopano zimakasungidwa pa kakhadi. Koma kompyuta ukapanda kuiuza imangotenga za m'kati, za pa kakhadi n'kuzisiya, ndipo imalira chimodzimodzi kuti yamaliza. Panali kabokosi kakang'ono pagalasi koyenera kuchonga kuti itengenso za pa kakhadi. Dera la Boaz linali lalikulu kuposa enawo, ndiye kakina kake kanali katadzaza kumapeto kwa Julaye. Onse amene anawalemba pambuyo pake anali pa kakhadi, ndipo Lachisanu lililonse ankabwera nawo m'tauni n'kubwerera nawo.

Anatseka bukulo. Chimene anamva sichinali mantha. Chinali chisangalalo, ndipo chinamuchititsa manyazi. Anaganiza zongomuuza Edita kuti nkhani ithe. Anali chiimire pafupi ndi kompyuta pamene Edita analowa, Boaz ali pambuyo pake.

"Iwe Edita, kodi kakhadi aka..."

"Mainess, usakhudze pamenepo. Iyi si taipulaita. Ukadina polakwika zonse zifufutika, ndiye ine ndikayankha chiyani ku Lusaka?" Ankalankhula akuseka, akumukoka dzanja mwachinzake kumuchotsa pa desikipo. Boaz naye anaseka. "Umati chiyani za kakhadi?"

"Palibe. Ndimati n'kakang'ono."

Anabwerera pa malo ake n'kutaipa kalata ya masamba awiri osapumira. Pomaliza anali atadziwa chochita. Sabata yoyamba ya Okutobala kunayenera kubwera akuluakulu a ku Lusaka kudzaona mayina mbewu isanaitanitsidwe. Pamsonkhano umenewo iye adzalowa ndi tiyi, adzafunsa ngati munthu wosadziwa kanthu kuti n'chifukwa chiyani mayina a ku Chiparamba sakuwonjezeka, anthu adzayang'anana, Edita adzasowa chonena. Kenako iye adzapempha mpando, adzachonga kabokosi kaja, mayina n'kutsika onse pamaso pa alendo. Palibe mlimi adzavutike. Ankabwereza zimenezi m'mutu pochapa, popita kutchalitchi, ngakhale m'kati mwa Misa. Anasankhiratu mawu, anasankhiratu ndi nkhope yodzavala.

Mwezi wa Seputembala unamukomera m'njira yoipa. Lachisanu lililonse ankamva makina akulira m'chipinda cha fani, Edita n'kutuluka ndi mapepala akung'ung'udza nyimbo, ndipo iye ankaboola tsamba lomwelija la ku Chiparamba mosamala kwambiri. Anayambanso kumunyemera Edita mbatata.

Kumapeto kwa mweziwo apongozi ake anamwalira ku Katete, ndipo Mainess anachoka masiku asanu ndi anayi. Tsiku lobwerera ku ntchito a Mvula anamupepesa za maliro, kenako anawonjezera ngati nkhani yaing'ono:

"Alendo aja sabweranso. Akuti mvula ibwera msanga chaka chino, ndiye anati tingotumiza mayina pa fakisi. Mbewu taitanitsa kale, amayi Miti anakonza zonse."

Mainess anakhala pansi. Mpata wolankhula unalipobe. Mwina a Mvula akanaimba foni tsiku lomwelo, matumba ena akanawonjezedwa. Koma ankaona kuti akangotsegula pakamwa, funso loyamba likhala lakuti munadziwa liti. Anati anena mawa. Mawa lake anati adikire Lachisanu. Chimene anachita Lachisanulo n'chakuti anatenga tsamba lomaliza la mndandanda wogawira mbewu, kuliika mu taipulaita, n'kulemba pansi penipeni: Alfonsi Soko. Ankadziwa kuti nthawi zonse pamabwera matumba awiri kapena atatu apadera olowa m'malo mwa ong'ambika.

Mbewu inagawidwa pakati pa Novembala, mvula yoyamba itagwa masiku awiri apitawo. A Mvula anamutenga Mainess kuti akaitane mayina ku Chiparamba, poti ndi kwawo ndipo sangawapotoze. Anthu anadzaza bwalo la sukulu ndi njinga, mabeseni ndi matumba opinda kukhwapa. Nthaka inkanunkhira. Mainess anaima pambali pa lole n'kuyamba kuitana, ndipo aliyense woitanidwa ankabwera kudzasaina kapena kudinda chala, n'kunyamula thumba lake. Anaitana mpaka dzina lomaliza, a Alfonsi anabwera, anayang'ana pepala kanthawi, anasaina. Mainess atakweza maso, anthu oposa zana anali chikhalire pansi pa mitengo akumuyang'ana, kudikira kuti atembenuze tsamba.

Woyamba kudzuka anali a Ketilina, mayi wachikulire amene ankayimba kwaya limodzi ndi malemu amayi ake a Mainess. Anafika pafupi, beseni lili m'manja.

"Mwanawe, dzina langa walidumpha. Yang'ananso bwino."

"Palibe, amayi."

"Palibe bwanji? Suja anandilemba a Njobvu, ine ndili pomwepa?"

Boaz anatulutsa kakina kake, kukatsegula, n'kuyamba kuwerenga mokweza mayina amene analimo, mudzi ndi mudzi, thukuta likuyenderera. Aliyense womva dzina lake ankayankha, ngati kuti kuyankhako kubweretsa thumba. Mu lole munali mutatsala matumba awiri. Panalibe amene anatukwana. Bambo wina anangofunsa a Mvula kuti minda imene anaisiya yosabzala aichite chiyani, ndipo a Mvula anavula chipewa n'kuchivalanso.

Mawa lake muofesi munali ngati pamaliro. Edita analumikiza kakina ka Boaz katatu a Mvula akuona, ndipo katatu konse makina analira kuti zatha, mayina osawonjezeka. Anatulutsa kope lake la ku Lusaka kuwaonetsa kuti akutsata zonse zimene anaphunzitsidwa. Kenako anayamba kulira, osati mokweza, misozi ikungogwera pa kopelo. Mainess anamupangira tiyi. Analola tsikulo kuti lidutse. Tsiku lotsatira, cha m'ma leveni, anagogoda kwa a Mvula.

"Abwana, ndingabwerekeko buku la makina lija? Mwina maso awiri angaone china."

Anakhala nalo ola lathunthu akutembenuza masamba amene ankawadziwa kale. Kenako anawaitana onse, anakhala pa mpando wa Edita, anachonga kabokosi kaja. Kamzere kanayenda nthawi yaitali kuposa masiku onse. Atasindikiza, panatuluka mayina zana limodzi ndi makumi atatu ndi asanu ndi awiri amene sanaonekepo muofesimo.

A Mvula anayang'ana mapepalawo, kenako Mainess.

"Ndinalakwitsa ine. Ku Lusaka mukanapita inu."

Mawu amenewa Mainess anali atawadikira miyezi isanu, ndipo kunena zoona anamukomera. Anawamva kutsekemera mpaka madzulo. Edita anamukumbatira pamaso pa onse n'kunena kuti Mulungu amudalitse.

Mbewu yowonjezera inafika Khirisimasi itadutsa, nthawi yobzala itatha. Ena anali atabzala nsawa zawo zakale mochedwa, ena anaikamo nyemba, ena minda inangomera udzu.

A Alfonsi anabwera ku Mchini Lamlungu lina mu Disembala. Anakana kulowa m'nyumba. Anakhala pa benchi ya Whiteson, njinga ataitsamiritsa pa mtengo wa mango.

"Thumba lija ndinagawa," anatero. "Mbale imodziimodzi, mpaka linatha. Mudzi wonse ukuti a Soko analandira okha chifukwa ali ndi mlongo muofesi. Amake ana sakutha kupita pachitsime."

"Anthu amalankhula, achimwene."

"Amalankhula. Koma ine posaina ndinaona. Mayina onse anali a timadontho ta makina atsopanowo. Langa lokha linali la zilembo zako. Sukulu sindinapite nayo patali, koma makalata ako ndawalandira zaka zambiri." Anamuyang'ana. "Unadziwa kuti mayina athu palibe."

Mainess anayang'ana pansi.

"Sindikufunsa chifukwa chake. Za muofesi sindizidziwa. Koma ukanangondisiya pamodzi ndi anzanga, Mainess. Zikanandipepukira."

Anakwera njinga tiyi ali pamoto. Chaka chotsatira chonse akabwera ku Kapata sankadutsiranso ku Mchini.

Edita sanachotsedwe ntchito. Anangobwezedwa pa foni, pakhomo paja, ndipo Mainess analowa m'chipinda cha fani. Edita anapirira mwezi umodzi. Mu Januwale analemba kalata yosiya ntchito, n'kumupempha Mainess kuti amuonere ngati chingelezi chake chili bwino.

"Alangizi akamadutsa ndimasowa poyang'ana," anatero. "Bola pakhale iwe. Iwe mutu uli nawo kuyambira kale."

Anapita ku Mwami, kumalire, kukathandiza msuweni wake amene ankakonzera oyendetsa malole mapepala a katundu.

Ntchito ya makina Mainess anaigwira bwino, monga ankagwirira ntchito iliyonse. Analemba ndondomeko yonse m'Chinyanja n'kuimata pakhoma. Lachisanu lililonse ankamuuza mlangizi aliyense kuti atchule dzina lomaliza limene walemba, ndipo sankamulola kuchoka lisanaoneke pagalasi la kompyuta. Makhadi anawasokera timatumba ta nsalu kuti asalowe fumbi. Mu Meyi 1999 anamutumiza ku Lusaka. Anagona m'chipinda cha yekha chokhala ndi bafa, anadya nkhuku masiku onse, ndipo zimene ankaphunzitsa anali akuzidziwa kale. Alangizi ankalowa m'chipinda chake mwaulemu, kupereka kakina, kudikira, n'kutuluka. Zoti kuyamwitsa zinatha zokha.

Za Edita ankazimvera kwa anthu. Poyamba anamva kuti akuvutika, akugona m'kachipinda kuseri kwa sitolo, ndipo anamumvera chisoni chenicheni, mpaka anamutumizira nsawa ndi sopo. Kenako anamva kuti madalaivala a malole ochokera ku Lilongwe ndi ku Beira amafunsa za amayi Miti ndi dzina. Kenako kuti msuweni uja wamusiyira ofesi yonse. Kenako, pa Misa, mayi wina anamunong'oneza kuti Edita wagula puloti ku Kalongwezi ndipo njerwa zafika pa windo. Mainess anayimba nyimbo yotsatira pamodzi ndi anzake. Anali ndi fani, anali ndi satifiketi ya ku Lusaka, koma pobwerera kunyumba anazungulira dala njira ya ku Kalongwezi kuti akaone ngati n'zoona. Zinali zoona. Nyumbayo inali ya zipinda zinayi.

Kwa ansembe anali atanena kale za kakhadi, ndipo iwo anamuuza kuti mwini nkhani ndi Edita. Anazengereza miyezi isanu ndi iwiri. Loweruka lina m'mawa mu Novembala anakwera takisi ya ku Mwami.

Malole anali atandanda mtunda wautali, madalaivala akuchapa malaya m'mabaketi m'mphepete mwa msewu. Ofesi ya Edita inali kontena lopakidwa utoto wa buluu. Edita atamuona anadzuka n'kumukumbatira, anatumiza zakumwa zozizira, anafunsa za Whiteson ndi ana mmodzimmodzi. Anali atanenepa bwino. Pa desiki panali kompyuta ya galasi la mitundu, yaikulu kuposa ya kubungwe, ndipo pa mkono pake panali wotchi yonyezimira. Mainess anaona zonsezi chimodzichimodzi, ndipo anazindikira kuti akapanda kulankhula msanga abwerera nazo.

"Edita, za kakhadi zija ndinkazidziwa kuyambira Ogasiti."

Edita anali akutsegula botolo. Anamaliza kutsegula, analiika patsogolo pa Mainess. Dalaivala wina anasuzumira pakhomo ndi mapepala, ndipo Edita anamuuza kuti adikire kaye panja.

"Ogasiti," anatero.

"Ndinawerenga m'buku. Ndinkafuna ndidzanene pamaso pa alendo a ku Lusaka. Kenako zinandipitirira."

"Tsiku lija unati kakhadi n'kakang'ono."

"Lomwelo."

Edita anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Ukudziwa kuti mpaka lero ndikamagwira makina awa m'manja mumachita thukuta? Chilichonse ndimachiyang'ana katatu. Ndinachoka kuja ndikudziwa kuti ndine chitsiru chongodziwa kuseka ndi anthu, chimene chinalanda malo a mnzake n'kulakwira midzi inayi. Ndinkakupempherera iwe chifukwa chondipulumutsa." Anapukuta desiki ndi chikhatho pomwe panalibe fumbi. "Ndinakulakwira chiyani?"

"Palibe."

"Nena."

"Unapita ku Lusaka. Komanso si Lusaka yokha. Zinayamba kale, tili atsikana. Anthu amakukonda usanachite kanthu."

"Ndiye ndikanatani?"

Panja lole ina inaliza injini, kontena lonse n'kunjenjemera.

"Sindikuuza lero kuti ndakukhululukira," anatero Edita. "Ndinganame. Imwa chakumwacho, chatsegulidwa kale."

Anaitana dalaivala uja. Mainess anamwa mpaka kumaliza, anatsanzika, ndipo Edita anayankha maso ali pa mapepala.

Sanadane poyera. Ankakumana pa maliro ndi ku tchalitchi, ankapatsana moni wa manja awiri, koma kuyambira tsiku limenelo Edita ankamuitana kuti amayi Daka. A Mvula sanauzidwe kanthu mpaka bungwe linatseka mu 2004, timakina tija titagona kale mu dirowa mabatire atachita dzimbiri. Mainess anapempha taipulaita yake yakale, ndipo anamupatsa. Ankalembera anthu a ku Mchini makalata ofunsira ntchito pakhonde pa nyumba yake, ndipo ambiri amamukumbukira ngati mayi wosamala, wosalakwitsa chilembo, wosakonda zoseka. A Alfonsi anayambanso kudutsira pakhomo mwana wa Mainess atadwala, koma nkhani ya mbewu sanaitchulenso.

Mwana wamkazi wa Edita atapeza banja, khadi loitanira linafika ku Mchini. Mainess anapita ndi Whiteson. Anamukhazika pamodzi ndi amayi a ku tchalitchi, osati kumbali ya achibale. Anavina pofupa, anapereka mapoto awiri abwino, ndipo Edita anamuthokoza mwaulemu. Potuluka mu holo Whiteson anamuona akuyendetsa milomo, maso ali pa msewu.

"Ukupemphera?"

"Ayi," anatero Mainess. "Magalimoto alipo khumi ndi anayi. Pa ukwati wa mwana wathu analipo atatu."